Blackjack: Masamu Amene Amalemeretsa Kasino

Mu 1953, asilikali anayi a ku America amene ankagwira ntchito pamalo oyesera zida zankhondo a Aberdeen, m'chigawo cha Maryland, anadzipatsa ntchito imene palibe mkulu wawo anawatuma. Akaweruka ankakhalira pa makina owerengetsera a pa desiki, poti nthawi imeneyo makompyuta anali asanafale, n'kumafufuza yankho la funso limodzi: munthu akakhala pa tebulo la blackjack, makhadi awiri ali patsogolo pake, achite chiyani kuti asadyedwe msanga? Anyamatawo anali Roger Baldwin, Wilbert Cantey, Herbert Maisel ndi James McDermott. Mu 1956 zimene anapeza zinatuluka m'magazini ya akatswiri a masamu yotchedwa Journal of the American Statistical Association.

Zimenezo ndi zomwe lero osewera padziko lonse amazitcha basic strategy, ndondomeko yosonyeza chochita pa makhadi alionse amene munthu wapatsidwa. Ku Las Vegas ndondomekoyi imasindikizidwa pa kakhadi kokwana m'thumba la malaya, ndipo kamagulitsidwa m'timasitolo ta m'kati mwa makasino momwemo. M'makasino ambiri wosewera amaloledwa kukayang'ana ali pa tebulo. Kodi mwini bizinesi angagulitse bwanji chida chomugonjetsera? Nkhani yake ndi yakuti kakhadiko sikagonjetsa kasino. Kamangochepetsa ndalama zimene wosewera amataya, kuchoka pa madola pafupifupi 2 pa madola 100 alionse amene wabetcha, kufika pa theka la dola. Koma theka la dola limenelo silichoka, ndipo pa ilo ndi pamene pagona bizinesi yonse.

Mmene masewerawa amayendera

Blackjack ndi masewera akale. Mlembi wa ku Spain, Miguel de Cervantes, anatchula masewera ofanana nawo m'nkhani yake ina imene inasindikizidwa mu 1613. Ku America anafala kwambiri boma la Nevada litaloleza juga mu 1931.

Malamulo ake savuta. Wosewera aliyense amalimbana ndi wogawa makhadi, yemwe ndi wantchito wa kasino, osati ndi anzake a pa tebulo. Cholinga ndi kuposa wogawayo popanda kupyola 21. Makhadi a 2 mpaka 10 amawerengedwa malinga ndi nambala yake. Makhadi azithunzi, J, Q ndi K, lililonse ndi 10. Khadi la A limakhala 1 kapena 11, kutengera chimene chikumukomera mwini wake. Wosewera amapatsidwa makhadi awiri, ndipo khadi limodzi la wogawa limakhala poyera kuti aliyense alione.

Apa wosewera amasankha. Akhoza kupempha khadi lina, kapena kuima pomwe alipo. Akhoza kuwirikiza kawiri ndalama zake n'kulandira khadi limodzi lokha. Ngati makhadi ake awiri ndi ofanana, akhoza kuwalekanitsa, kuikanso ndalama zina, n'kusewera mbali ziwiri. Akapyola 21 wapsa, ndalama zapita. Wogawa yekha alibe chosankha chilichonse: lamulo limamukakamiza kutenga makhadi mpaka atafika 17, kenako n'kuima. Amene walandira A ndi khadi la 10 pa makhadi awiri oyambirira ndiye wagwira blackjack, ndipo mwa mwambo amalipidwa madola 3 pa madola 2 alionse amene anaika. Zimenezi zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 21.

Phindu la kasino limachokera kuti?

Poyang'ana mwachangu, masewerawa amaoneka ngati achilungamo mbali zonse. Makhadi ndi amodzimodzi, malire a 21 ndi amodzimodzi. Chinsinsi chili pa amene amayamba. Wosewera ndiye amayamba, ndipo akapsa wogawa amakokolola ndalama zake nthawi yomweyo. Ngakhale wogawayo atapsa pambuyo pake, ndalama zija sizibwerera. Onse awiri apyola 21, koma wodyedwa ndi mmodzi.

Wogawa amapsa pafupifupi maulendo 28 pa 100. Munthu amene angaganize zongotengera kaseweredwe ka wogawa, kutenga makhadi mpaka 17 basi, nayenso adzapsa maulendo 28 pa 100, ndipo pa maulendo pafupifupi 8 adzapsera limodzi, kasino n'kudya. Malipiro apadera a blackjack aja amamubwezera pang'ono, komabe amatsala akutaya madola oposa 5 pa 100 alionse. Winanso amaganiza kuti nzeru ndi kupeweratu kupsa, osatenga khadi akangofika 12. Ameneyu amataya madola pafupifupi 4 pa 100.

Chiwerengero chimenechi ndi chimene amachitcha house edge, gawo limene kasino imatsala nalo pa ndalama zonse zobetchedwa nthawi ikatalika. Pa roulette chimaoneka mosavuta. Gudumu la ku Ulaya lili ndi mabowo 37, koma wolosera nambala molondola amalipidwa 35 pa 1, choncho kasino imatsala ndi 2.7 peresenti. Gudumu la ku America lili ndi mabowo 38, ndipo gawo la kasino ndi 5.26 peresenti. Pamenepo palibe luso limene lingasinthe kanthu. Blackjack ndi yosiyana chifukwa wosewera ali ndi ufulu umene wogawa alibe: kuima pa 12 kapena 13, kuwirikiza ndalama zinthu zikamukomera, ndi kulekanitsa makhadi. Akaugwiritsa ntchito molondola ufulu umenewu, gawo la kasino limatsika kufika pafupifupi 0.5 peresenti pa tebulo la malamulo abwino.

Ndondomekoyo ili ndi chifukwa chake

Maziko a basic strategy ndi awiri. Choyamba, pa paketi ya makhadi 52, makhadi 16 ndi a 10, kutanthauza 4 pa 13 alionse. Palibe nambala ina yochuluka chonchi. Chachiwiri, khadi loonekera la wogawa limanena zambiri. Akaonetsa 5 kapena 6 amapsa pafupifupi maulendo 42 pa 100. Akaonetsa 10 amapsa maulendo pafupifupi 23 okha.

Taonani munthu amene wapatsidwa 10 ndi 6, wogawa akuonetsa 6. Akapempha khadi, makhadi 8 pa 13 alionse amupsereza. Akaima, adzadya maulendo 42 amene wogawa adzapse, n'kudyedwa maulendo 58. Kuima sikukumupatsa phindu ayi, akutayabe, koma akutaya zochepa kwambiri kusiyana ndi kutenga khadi. N'chifukwa chake ndondomeko imati pa 13 mpaka 16 munthu aime wogawa akaonetsa 2 mpaka 6, ndipo pa 12 aime wogawa akaonetsa 4, 5 kapena 6.

Tsono makhadi omwewo, 10 ndi 6, koma wogawa akuonetsa 10. Apa ndi pamene osewera ambiri amagwira kumutu, thukuta lili kamukamu. Akaima adzadya maulendo 23, n'kudyedwa 77, kutanthauza kutaya masenti 54 pa dola iliyonse. Akatenga khadi amatayanso pafupifupi masenti 54, kungoti amapulumutsako kachidutswa kochepa zedi. Ndondomeko imati atenge khadi. Ndipo pa tebulo pamene amalola kugonja, kumene amati surrender, nzeru ndi kusiya theka la ndalama n'kutenga theka linalo, popeza kutaya masenti 50 kuli bwino kuposa kutaya 54. Zambiri za m'ndondomekoyi ndi zotere: kusankha chilonda chaching'ono pa zilonda ziwiri.

Phindu la wosewera limabwera pa kuwirikiza ndi kulekanitsa. Wokhala ndi 11 amawirikiza ndalama wogawa akaonetsa khadi lililonse kuyambira 2 mpaka 10, chifukwa khadi limodzi silingamupsereze, ndipo maulendo 4 pa 13 limamufikitsa pa 21. Wokhala ndi 10 amawirikiza pa 2 mpaka 9, wokhala ndi 9 pa 3 mpaka 6. Makhadi awiri a A amalekanitsidwa nthawi zonse. Awiri a 8 nawonso amalekanitsidwa, popeza pamodzi amapanga 16 woipa uja. Koma awiri a 10 salekanitsidwa, poti 20 ndi wamphamvu kale, ndipo awiri a 5 amasiyidwa pamodzi ngati 10.

Pali malangizo ena amene mtima umakana. Munthu ali ndi A ndi 7, ndiye kuti 18, wogawa akuonetsa 9, 10 kapena A. Mtima umati 18 ndi wokwanira. Masamu amati atenge khadi, chifukwa 18 pamenepo amagonja kawirikawiri, pomwe A akhoza kutsika kukhala 1 ndipo khadi limodzi silingamupsereze. Osewera ambiri amaidziwa ndondomeko koma amaisiya pamalo ngati amenewa, makamaka ndalama zikachuluka pa tebulo, ndipo kusiya kulikonse kumawonjezera gawo la kasino.

Zolembedwa pa nsalu ya tebulo

Wogawa akaonetsa A, amaima kaye n'kufunsa ngati alipo akufuna inshulansi. Dzinalo limakoma m'makutu, ngati kuti munthu akuteteza ndalama zake. Zoona zake ndi zakuti uku ndi kubetcha kwina kwapadera, kulosera kuti khadi lina la wogawa ndi 10, ndipo kumalipira 2 pa 1. Munthu akaika madola 5 maulendo 13, adzawina maulendo 4 n'kulandira madola 40, koma adzaluza maulendo 9 n'kutaya madola 45. Pa madola 65 amene waika wataya 5, kuposa 7 peresenti. Basic strategy imakana inshulansi nthawi zonse, ngakhale wosewera atagwira blackjack.

Chinthu china chimene chafala ku Las Vegas kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi matebulo olipira blackjack 6 pa 5 m'malo mwa 3 pa 2. Manambala 6 ndi 5 amaoneka aakulu, ndipo alendo ambiri sazindikira kuti achepetseredwa. Wobetcha madola 10 pa tebulo la 3 pa 2 amalandira madola 15. Pa tebulo la 6 pa 5 amalandira madola 12. Kusiyana kwa madola 3 kumeneku kumakweza gawo la kasino ndi pafupifupi 1.4 peresenti, moti tebulo limene likanadya theka la dola pa 100 limayamba kudya pafupifupi madola 2, ngakhale wosewera asalakwitse ndi kamodzi komwe.

Malamulo ena ang'onoang'ono nawonso amaluma. Pamene wogawa amalamulidwa kutenganso khadi ali ndi A ndi 6, zimene amati soft 17, kasino imawonjezera pafupifupi 0.2 peresenti. Kuchulukitsa mapaketi a makhadi kufika 6 kapena 8 kumakomeranso kasino, chimodzimodzi kuletsa kuwirikiza ndalama munthu akalekanitsa makhadi. Zambiri mwa izi zimalembedwa poyera pa nsalu ya tebulo kapena pa kachikwangwani ka pambali. Kasino siibisa. Imangodziwa kuti owerenga ndi ochepa.

Chifukwa chake anthu amabwererako

Ngati kasino imadya nthawi zonse, nanga amene amatuluka akusekerera, matumba atatupa, ndi ndani? Alipo ndithu, ndipo alipo ambiri. Wotsatira ndondomeko amawina pafupifupi maulendo 42 pa 100, amaluza 49, ndipo pa 9 amafanana ndi wogawa, palibe wodya mnzake. Usiku umodzi ndi waufupi kwambiri kuti theka la peresenti lionekere.

Munthu wobetcha madola 10 pa ulendo, pa tebulo logawa maulendo 60 pa ola, amakhala ataika madola 600 pa ola limenelo, ngakhale atabwera ndi madola 100 okha, chifukwa ndalama zomwezo zimapita ndi kubwera. Pa tebulo labwino masamu amati ataya madola 3 pa ola. Pa tebulo la 6 pa 5 ataya oposa 11. Koma pa maulendo 100, mwayi wokha ukhoza kumukweza kapena kumutsitsa ndi madola 100 kapena kuposa, moti pafupifupi theka la osewera abwino amadzuka pa tebulo ali ndi phindu. Zinthu zimasintha maulendo akachuluka. Pofika maulendo 100,000, amene adakali pamwamba sakwana mmodzi pa khumi. Gawo la kasino limagwira ntchito ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga: lero thumba likuoneka lodzaza, mawa chimodzimodzi, koma pofika mwezi wa njala mwatsala gaga.

Wosewera mmodzi amaona usiku wake umodzi. Kasino imaona matebulo onse, usana ndi usiku, chaka chonse. Kwa iyo nthawi yaitali ija imakwana msanga.

Pofuna kuzemba masamuwa, ena amadalira njira yotchedwa martingale: ukaluza, wirikiza ndalama, kuti tsiku lowina ubweze zonse. Woyamba ndi madola 10 akaluza maulendo 7 motsatizana amakhala atataya madola 1,270, ndipo ulendo wotsatira umafuna madola 1,280 kuti apindule madola 10 okha. Ngati malire a tebulo ndi madola 1,000, njira yathera pomwepo. Kuluza kasanu ndi kawiri motsatizana si chinthu chachilendo kwa munthu wosewera kawirikawiri. Enanso amakalipira mnzawo wokhala kumapeto kwa tebulo kuti watenga khadi limene likanapsereza wogawa. Koma khadi lotsatira palibe amalidziwa, ndipo kulakwitsa kwa mnzako kumakupulumutsa kangapo monga momwe kumakupwetekera.

Amene anaigonjetsadi kasino

Alipo ochepa amene anaipezadi njira. Edward Thorp, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya MIT, anawerenga ntchito ya asilikali anayi aja n'kuipititsa patsogolo pogwiritsa ntchito kompyuta ya IBM 704. Iye anazindikira kuti makhadi amene atuluka kale amasintha mwayi wa makhadi otsala. M'paketi mukatsala makhadi ambiri a 10 ndi A, zinthu zimakomera wosewera. Mukatsala ang'onoang'ono, zimakomera wogawa. Mu 1961 Thorp anakayesa nzeruyi ku Nevada ndi madola 10,000 a anthu olemera amene anamukhulupirira, ndipo m'masiku ochepa anapindula madola 11,000. Chaka chotsatira anatulutsa buku lotchedwa Beat the Dealer.

Makasino anachita mantha. Mu 1964 a ku Las Vegas anakhwimitsa malamulo a blackjack, koma osewera atayamba kuthawa matebulo anabwerera ku malamulo akale patangopita milungu yochepa. Pambuyo pake zinaoneka kuti bukulo linapindulira makasinowo, chifukwa linakopa chinamtindi cha anthu okhulupirira kuti akhoza kuwina, pomwe odziwadi kuwerenga makhadi anali ochepa.

Njira yofala yowerengera makhadi, ya Hi-Lo, imaoneka yophweka: khadi la 2 mpaka 6 likatuluka munthu amawonjezera 1 m'mutu, la 10 kapena A likatuluka amachotsa 1, ndipo amakweza ndalama chiwerengero chikakwera. Koma kuchita zimenezi kwa maola ambiri, m'phokoso, osalakwitsa komanso osaonekera, ndi ntchito yowawa, ndipo phindu lake ndi pafupifupi 1 peresenti yokha. Pamafunikanso mpamba waukulu wopirira nawo masiku oluza. Kuwerenga makhadi m'mutu si mlandu, koma ku Nevada kasino ili ndi ufulu wothamangitsa aliyense amene yamukayikira. Ku New Jersey katswiri wina, Ken Uston, anawina mlandu m'khoti lalikulu mu 1982 woletsa makasino a ku Atlantic City kuthamangitsa owerenga makhadi, ndipo makasinowo anayankha mwa kuchulukitsa mapaketi ndi kusakaniza makhadi pafupipafupi. Masiku ano matebulo ambiri ali ndi makina osakaniza makhadi mosalekeza, amene amathetseratu kuwerenga. Ophunzira a MIT amene nkhani yawo inasanduka filimu yotchedwa 21 mu 2008 ankawerenga makhadi ngati gulu, ndi ndalama za anthu ena, ataphunzitsidwa kwa nthawi yaitali.

Nkhani ya wosewera wina, Don Johnson, ndi yophunzitsa kwambiri. Pakati pa kumapeto kwa 2010 ndi April 2011, iye anawina madola pafupifupi 15 miliyoni m'makasino atatu a ku Atlantic City: Tropicana, Borgata ndi Caesars. Nthawi imeneyo makasinowo ankasowa makasitomala olemera, ndiye Johnson, amene ankabetcha mpaka madola 100,000 pa ulendo umodzi, anakambirana nawo asanakhale pansi. Anamupatsa malamulo ofewa, ndiponso anavomera kumubwezera 20 peresenti ya ndalama akaluza zambiri. Kupambana kwake kunayambira pa mgwirizano umenewo. Munthu wamba wa madola 10 sangapatsidwe mwayi wotere.

Kwa amene akufuna kuyesa

Masewerawa sali kutali ndi kwathu. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli makasino, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo lamulo limaletsa ana osakwana zaka 18 kutchova juga. Amene ali ku Joni amawadziwa malo ngati Montecasino ndi Emperors Palace. Blackjack yafikanso pa foni, pamene maulendo amathamanga kuposa pa tebulo lenileni. Liwiro limenelo ndi lofunika kulisamala, chifukwa gawo la kasino limadya pa ulendo uliwonse, ndipo maulendo akachuluka pa ola, thumba limapepuka msanga.

Munthu wamkulu amene wasankha kusewera ali ndi zinthu zingapo zimene zili m'manja mwake. Awerenge zolembedwa pa tebulo asanakhale, ndipo akaona 6 pa 5 adutse. Aiphunzire ndondomeko yonse, aitsatire ngakhale pamene mtima ukukana. Inshulansi ndi kubetcha kwina kwa pambali azisiye. Atenge ndalama zokhazo zimene akanawonongera chisangalalo china, ndipo zikatha adzuke.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera chizolowezi chosalamulirika cha juga m'gulu la matenda. Zizindikiro zake n'zodziwika: kubwerera kukafuna kubweza zimene zinadyedwa dzulo, kubisira a pabanja, kukhudza ndalama za lendi kapena za fizi, kukongola katapila. Amene wadziona m'zizindikiro zimenezi asadikire kuti tsiku lina masamu adzamukomera mtima, popeza ngakhale katswiri wa basic strategy pa tebulo labwino kwambiri amatayabe. Auze wachibale amene amamukhulupirira, apemphe kasino kuti isamulolenso kulowa, ndipo akaonane ndi achipatala oona za matenda a maganizo.